Injini yanoka, giyabokosi yafa: timasule, tigule ya ex-Japan kapena tingoigulitsa?

Chaka chatha kubanja kwathu kunagwa maliro awiri a galimoto. Oyamba anali a Sienta yanga ya 2008, yomwe imatenga ana kusukulu, madam kumsika, apongozi kuchipatala, mpaka matumba a chimanga ochokera kumudzi imanyamula osadandaula. Tikuchokera ku Balaka, titangowoloka pa Zalewa nkuyamba kukwera kulowera ku Mdeka, inayamba kulira ngati mluzu, ndikaponda moto injini ikukuwa koma galimoto ikuyenda ngati ngolo, mpaka tinaima pambali ana akufunsa kuti adadi tafika? Maliro achiwiri anali a Noah ya alamu anga, iyo inawira pa Khwekhwerere akuchokera kunyanja, anthu 8 mkatimo kuphatikiza cooler box ndi nsomba, iwo anaona kuti muvi wa temperature wakwera koma anati tingomaliza phiri lokhali tikaime pamwamba. Pamwambapo anakafika ndithu, koma injini sinafike nawo.

Nde miyezi ingapo ine ndi alamu tinakhala anthu a mmagaraja, kufunsa uku ndi uku, kumvera amakaniko akutsutsana okhaokha. Zomwe ndikulemba pano ndi zomwe ndinatolako, kwa amene galimoto yake ili pa miyala panopa ndipo akuganiza kuti alowere kuti.

Poyamba penipeni, musanayambe kuwerengera ndalama za njira iliyonse, dziwani chomwe chafa komanso chomwe chachipha. Zikumveka ngati zachibwana koma anthu ambiri amagula giyabokosi yonse pomwe vuto linali coil imodzi kapena ma plug. Injini ikamaphonya, galimoto imanjenjemera ponyamuka ndipo munthu umalumbira kuti ndi giyabokosi. Mounting ikaduka imagunda polowetsa giya, kumveka ngati mkatimo mwasweka chinachake. Speed sensor kapena solenoid ikafa galimoto imakana kupitilira liwiro linalake ngati yamangidwa. Zonsezi ndi zazing'ono poyerekeza ndi giyabokosi. Ikani pa kompyuta kaye, ndipo ngati nkotheka kwa anthu awiri osiyana, wina amene sagulitsa ma spare chifukwa wogulitsa mankhwala aliyense amakupeza ndi matenda.

Kwa ine chomwe chinapha giyabokosi chinapezeka msanga. Miyezi yammbuyo ndinapititsa galimoto ku service pa garaja ina yake ya mtauni muno, mnyamata wapamenepo anathiramo ATF, oyilo wamba wofiira uja wa giyabokosi ya automatic, ine osafunsa, ndinangosangalala kuti zatchipa. Sienta ya mtundu woyamba ngati yangayi, yokoka ndi mateyala akutsogolo, ili ndi giyabokosi ya CVT, pomwe ya 4WD ndiyo ili ndi giyabokosi ya automatic wamba ya magiya 4. CVT mulibe magiya a mano osinthana ngati momwe timaganizira, muli ma pulley awiri ndi lamba wachitsulo pakati, ndipo ndi mphamvu ya oyilo yomwe imafinya ma pulley aja kuti agwire lambayo. Oyilo akakhala wolakwika kapena wakalamba kwambiri, lamba amaterereka, amakanda ma pulley, tizitsulo tating'ono timayenda ndi oyilo kukalowa mu valve body, yomwe imagawa oyilo mu giyabokosi, ndi mu cooler yoziziritsa oyiloyo, ndiye basi nkhani yatha. Toyota ili ndi oyilo wake wa CVT, TC kwa zakale ndi FE kwa zatsopanoko. Nissan ili ndi NS-2 ndi NS-3. Honda ili ndi HMMF kwa zakale ndi HCF-2 kwa zatsopano, ndipo awiriwa sasakanizidwa. Wina akakuuzani kuti oyilo ndi oyilo bwana, tengani makiyi muzipita.

Tsopano njira zija. Ndiyambe ndi kumasula, ena amati overhaul, chifukwa ndi yomwe makaniko wanu ayambe kukuuzani poti mpamene iye amadyera bwino.

Pa injini, kumasula ndi njira yabwino ndithu ngati vuto lili pamwamba ndipo mwaligwira msanga. Galimoto yawira kamodzi, mwazimitsa pompo, gasket yapsa, oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, madzi akutha mu radiator popanda podontha, utsi woyera kumbuyo. Apa amachotsa head, kupita nayo ku machine shop akaione ngati yapindika kapena yang'aluka, kuisikima pang'ono, gasket yatsopano, nkubwezera. Ntchito imeneyi amakaniko athu amaidziwa bwino, ku Ndirande, ku Biwi, ku Mchesi, ku Mzuzu kuli akuluakulu oti injini ya Toyota amaimanga akucheza. Ubwino wake injini ndi yanu yomwe, mukudziwa mbiri yake, nambala yake ndi yomwe ili pa blue book ndiye palibe zoyendayenda mmaofesi.

Koma vuto likatsikira pansi nkhani imasintha. Injini ikanoka, ndiye kuti ma bearing atha, crankshaft yakandika, pena con rod yapindika, ndipo ngati imatulutsa kale utsi wa blue ndikumwa oyilo ndiye ma ring nawo ndi okutha. Apa mndandanda umatalika tsiku ndi tsiku. Lero akuti crankshaft ikagayidwe tipeze ma bearing a oversize, mawa akuti oil pump nayo ndiyokayikitsa, mkuja timing chain yatambasuka ndi ma guide ake, kenako ma piston. Ma injini ngati 1NZ ndi 1AZ block yake ndi ya aluminium yokhala ndi ma liner opyapyala mkati, siyoboola momasuka ngati ma block achitsulo a Hilux zakale zija, ndiye ma cylinder akakandika kwambiri pamafunika kuikamo ma sleeve, ntchito yofuna machine shop yodziwa zedi. Kuonjezera apo ma spare a mmashopu ambiri bokosi limalembedwa bwinobwino dzina la kampani koma zamkatimo kaya zinapangidwira kuti. Gasket yabodza imatha miyezi yochepa. Ndipo makaniko amene alibe torque wrench, amene amamanga ma bolt a head ndi mphamvu ya nsima, musamupatse injini yanu olo akhale wa kutchalitchi kwanu.

Alamu anga anasankha kumasula. Noah yawo ndi ya mtundu woyamba, ya injini ya 1AZ-FSE yomwe anthu amangoti D-4. Injini imeneyi imapopera petulo molunjika mu cylinder ndi pump ya mphamvu kwambiri, ndipo imadziwika ndi kudzaza mwaye wa carbon mu intake, komanso simagwirizana ndi mafuta akuda, ndiye taganizani nthawi zosowa mafuta zija tonse tikugula a mzigubu. Banja la ma AZ lilinso ndi khalidwe lina, ikawira kwambiri mazinga a ma bolt a head mu block muja amatha kuzuka, bolt imangozungulira osagwira. Ndi zomwe anapeza atamasula. Anaikamo ma insert, anamanga, inalira bwinobwino tinaombera mmanja, patatha masabata angapo inayambanso kumwa madzi chifukwa head inali ndi mng'alu omwe sanauone poyamba poti anadumpha pressure test pofuna kupulumutsa ndalama. Analipira kawiri ntchito imodzi.

Pa giyabokosi ya CVT, kumasula ine ndimati ayi pokhapokha mwapeza katswiri weniweni amene angakuonetseni magalimoto omwe anakonza ndipo akuyendabe. Sikuti sizikonzeka, kunja amakonza, koma zimafuna malo aukhondo, zida zake, lamba ndi ma pulley atsopano omwe kuno sapezeka wamba, pomwe magaraja athu ambiri ali pansi pa mtengo fumbi likuuluka. Chomwe chimachitika kawirikawiri nchoti amatenga ma giyabokosi awiri akufa nkupanga imodzi, imayenda mwezi, kenako mwabwerera. Automatic wamba ya magiya 4 ngati ya Wish yoyamba ya 1.8 kapena Noah zoyambirira zisanasinthidwe kupita ku CVT mu 2004, imeneyo bola, ma clutch plate ndi ma seal amasinthika ndipo anthu oidziwa alipo. Ndipo ngati vuto ndi valve body kapena solenoid yokha, lamba asanakande kanthu, kusintha chimenecho chokha nkwanzeru. Njira yodziwira ndi kutsitsa sump ya giyabokosi nkuona maginito ali pansipo. Kaphala kakuda kosalala nkabwinobwino, koma mukapeza tizidutswa tonyezimira ngati mamba a usipa dziwani kuti mkatimo mwadyana.

Njira yachiwiri ndi yomwe ambiri timathera, kugula injini kapena giyabokosi yogwiritsidwapo kale ntchito, ija timati ya ex-Japan. Zimabwera mma container, zina kuchokera ku Japan komweko, zina kudzera ku Sharjah pafupi ndi Dubai kuja komwe kuli misika ikuluikulu ya zimenezi, zina anthu amakatenga ku Dar es Salaam nkulowa nazo pa Songwe, zina ku Joni. Kwa giyabokosi ya CVT iyi ndiye njira yomwe ine ndingauze mbale wanga. Kwa injini yonoka, kapena yowira mpaka kuzima yokha ngati ya alamu, ndinganenenso chimodzimodzi, chifukwa injini yomangidwa ku fakitale yomwe sinatsegulidwepo nthawi zambiri imaposa yomangidwa pansi pa mango ndi ma spare osadziwika, ndipo galimoto imatuluka mmasiku ochepa osati miyezi.

Koma apa mpamene pali utambwali wambiri, nde ndikhalitsepo pang'ono. Mawu oti ex-Japan aliyense amawanena. Pali zina zochotsedwa mgalimoto zangozi konkuno, zina zinafa kale kwa munthu wina, azitsuka ndi petulo ndi burashi mpaka kuwala, nkuziika pa shelefu. Injini yoyera mopitilira muyeso ine imandiopsa kuposa yafumbi. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa pashopupo. Tsegulani chotsekera oyilo muunike ndi tochi ya foni, mukaona phala lakuda lowuma ngati chikanga cha mumphika isiyeni. Ngati akulola chotsani valve cover yonse. Masulani ma plug muwaone onse anayi ngati akufanana mtundu. Zungulitsani crankshaft ndi sipanala mumve ngati ikuyenda bwino ndipo ili ndi compression. Onani ma bolt ngati ali ndi zipsera za sipanala ndi silicone wofinyikira mmbali, chimenecho ndi chizindikiro choti inatsegulidwapo. Pa giyabokosi nunkhizani oyilo wotsalira, wopsa amamveka fungo lake. Yabwino koposa ndi ya pa half cut, galimoto yodulidwa pakati yomwe injini, giyabokosi, mawaya ndi kompyuta zake zikadali pamodzi, pamenepo umatha kuona ndi mileage pa dashboard, ngakhale mileage nayo tikudziwa kuti anthu amaibweza.

China chomwe chimagwetsa anthu ndi kuganiza kuti dzina likafanana ndiye kuti zilowana. 1NZ-FE ili mu Sienta, Probox, Ractis, Fielder, Axio, Premio ya 1.5, ist, ndipo nchifukwa chake imapezeka mosavuta ndipo amakaniko amaikonda. Koma si zonse zofanana, zakale throttle yake ndi ya chingwe, zina ndi yamagetsi, zina zili ndi EGR yobweza utsi wina mu injini zina zilibe, ma sensor ndi mapulagi a mawaya amasiyana. 1NZ-FXE ya mu Aqua ndi Prius zakale ndi ya hybrid, imeneyo ndi nyama ina ngakhale ikuoneka ngati yomweyo. Ma giyabokosi ndiye kwambiri, ya 2WD ndi ya 4WD sizilowana, ndipo za chaka chosiyana pena pulagi imasiyana mapini. Tengani chassis number ndi code ya giyabokosi yomwe ili pa kachitsulo ka galimoto yanu, jambulani mapulagi onse, kapena nyamulani yakufayo mupite nayo mukaziike pambali ndi pambali. Ine ndinachita kubwereka pickup kunyamula yakufayo ndipo sindinong'oneza bondo, yoyamba yomwe ankafuna kundipatsa inali yosiyana pulagi.

Za guarantee mugwirizane musanapereke ndalama ndipo zilembedwe pa lisiti, masiku angati, kuyambira tsiku logula kapena tsiku loika, ndipo ikakhala yakufa akubwezerani ndalama kapena akupatsani ina. Zapakamwa zimauluka. Lisitilo likhale ndi nambala ya injini, chifukwa mukasintha injini nambala ya pa blue book imakhala yasiyana ndi yomwe ili mgalimoto, mukuyenera kukakonzetsa ku Road Traffic, ndipo mudzafuna umboni wa komwe munaitenga. Anthu amazengereza zimenezi mpaka tsiku logulitsa galimoto kapena lotuluka nayo pa border, mpamene zimawavuta. Komanso injini zakuba zilipo, musadzapezeke mukufotokoza ku polisi zinthu zomwe simukuzidziwa.

Mukhozanso kuitanitsa nokha pa intaneti, makampani ogulitsa magalimoto aku Japan ngati BE FORWARD amagulitsanso ma spare. Pamenepo mumapeza yogwirizana ndi chassis number yanu ndipo mumadziwa kuti yachokeradi ku Japan. Koma muwerengere shipping, msonkho wa MRA, kusowa kwa forex, ndi kudikira masabata ambiri ana akukwera kabaza. Chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu November 2023 chilichonse chogula ndi dollar chimaluma, ndipo ikafika ili ndi vuto kubweza kwake nkovuta. Njira imeneyi ndimaiona yoyenera kwa amene ali ndi galimoto yosowa ma spare kuno, kapena ali ndi galimoto ina yoyendera podikira.

Chomwe anthu amaiwala pa njira yachiwiriyi, ndipo chimapha injini yatsopanoyo, nchoti chomwe chinapha yoyamba chikadali mgalimotomo. Ngati inawira chifukwa radiator yatsekeka ndi dzimbiri la madzi a pachitsime, kapena fan siizungulira, kapena paipi yang'ambika, mukaika ina iwiranso pa phiri lomwelo. Sinthani thermostat, onani water pump, ma seal a crankshaft asintheni injini ikadali pansi poti mpamene zili zosavuta, thirani coolant osati madzi okha. Ndipo chonde thermostat isachotsedwe, pali amakaniko amakonda kunena kuti kuno nkotentha siifunika, zabodza zimenezo. Pa giyabokosi, cooler ndi mapaipi ake atsukidwe kapena asinthidwe chifukwa tizitsulo ta yakufa ija tili mmenemo tikudikira, oyilo akhale woyenera, ndipo CVT zambiri zikaikidwa zimafuna kuziphunzitsa ndi kompyuta kuti zigwirizane ndi galimoto. Ndalama za zonsezi muziwerengere limodzi ndi mtengo wogulira, osati mudzadzidzimuke pambuyo.

Yatsopano ya mbokosi kwa dealer sindikhalitsapo, pa galimoto ya zaka zoposa 10 mtengo wake ukhoza kupitilira wa galimoto yonseyo. Pitani kumeneko kukagula oyilo weniweni, ma filter ndi gasket basi.

Pali njira ina yomwe anyamata a ma taxi amaikamba kwambiri, kusintha kuchoka ku automatic kupita ku manual. Pakamwa imakoma, akuti ukatero waiwala za CVT mpaka kale. Zoona manual ndi yolimba ndipo clutch aliyense amasintha. Koma pamafunika giyabokosi yogwirizana ndi injini yanu, flywheel, clutch, ma pedal, ma cable a giya, pena ma shaft ndi ma mounting, kenako kompyuta ya galimoto imakhala ikufunafuna giyabokosi yomwe kulibe, magetsi a pa dashboard ali ngwee, speedometer pena osagwira. Mu ma Sienta, Freed ndi Noah giya ili chapamwamba pafupi ndi chiwongolero, ndipo handbrake yake ndi yoponda ndi phazi lamanzere, malo omwewo pomwe payenera kukhala clutch, nde pamakhala kudula ndi kuwotcherera kwambiri. Kwa galimoto ya bizinesi yoyenda tsiku lonse yodzaza mwina zimabweza. Kwa galimoto ya banja yomwe madam amayendetsanso ndipo mudzafuna kuigulitsa, ine ayi.

Yomaliza ndi kuigulitsa momwe ililimo. Imawawa chifukwa ogula galimoto yosayenda amakupatsa mtengo wachipongwe, amadziwa kuti wapanikizika. Koma nthawi zina ndi yolondola. Ngati body yatha, suspension ikulira paliponse, ma sliding door akuvuta, COF ndi insurance zatha, ndipo injini ndi giyabokosi zonse ndi zokayikitsa, kuika injini yabwino mmenemo nkuveka suti munthu wodwala. Ndimaganiziranso mtundu wa galimoto. Serena ya C25 ili ndi malo abwino zedi koma ndi galimoto yolemera pa CVT ya Jatco yomwe imadana ndi kutentha, ndiye yogula kale ntchito nayonso imakhala yatopa. Ma Honda a hybrid okhala ndi giyabokosi ya dual clutch ya magiya 7, ngati Fit ya 2013, Vezel ndi Freed ya 2016, ndi nkhani inanso, Fit ndi Vezel zoyambirira Honda yomwe inauza eni ake ku Japan kangapo mu 2013 ndi 2014 kuti azibweze ikakonze pulogalamu ya giyabokosi, ndipo kuno oidziwa bwino ndi ochepa. Ma Alphard ndi Estima a 2AZ-FE ena amamwa oyilo chifukwa cha ma ring, ndiye pogula injini ina ya mtundu omwewo mukhoza kugula matenda omwewo. Pa magalimoto ngati amenewa ndingawerengere kawiri ndisanathiremo ndalama. Kuphwasula nokha nkumagulitsa chimodzichimodzi kumabweretsa zambiri kuposa kugulitsa yonse, koma konzekerani pakhomo kusanduka scrapyard chaka chathunthu ndi a landlord akukuyang'anani.

Kachinthu kena kakang'ono, galimoto ya automatic kapena CVT ikafa panjira musaikoke ndi chingwe mtunda wautali mateyala akutsogolo ali pansi. Injini ikazima pump ya oyilo wa giyabokosi siizungulira, zamkatimo zimayenda zouma. Alamu anakokedwa ndi lole kuchokera pa Masasa mpaka ku Dedza boma, ndipo pano tikukayikira kuti giyabokosi nayo inalawako.

Ine Sienta ndinaika giyabokosi ya pa half cut, cooler tinatsuka, oyilo ndinakagula ndekha nkuimilira pomwepo akuthira, botolo lililonse ndikuliona ndi maso. Yatha miyezi 9 tsopano, ku Chikwawa tatsika ndi kukwera kawiri, ndikamakwera phiri ndimazimitsa wailesi kuti ndizimvetsera, ana amandiseka. Ya alamu ikadali pa miyala kuseri kwa nyumba, akusonkhanitsa za injini ina koma akukangana ndi achemwali anga omwe akufuna ingogulitsidwa agule Sienta ngati yathu. Sabata yatha ndinapitako ndinapeza nkhuku yaikira mazira pa mpando wakumbuyo.